Full-frame ndi crop pamapewa awiri: maganizo anga

Anzanga ojambula, pali funso lomwe silitha kufunsidwa: ndili kale ndi kamera ya full-frame (ya sensa yaikulu), kodi yachiwiri ndigule ya crop (ya sensa yaing'ono)? Ambiri amayankha msangamsanga kuti gulani, ya crop imakokera zinthu pafupi. Yankho limeneli si bodza, koma ndi loperewera. Ine ndimaona kuti makamera awiriwa amayenderana bwino ngati ya crop yapatsidwa ntchito yakeyake, yonyamula lenzi yaitali pamalo owala. Koma mukaigula kuti izingokhala m'chikwama kudikira tsiku lomwe inzakeyo idzafe, tsikulo likadzafika mudzapeza kuti siikwanira pamalopo.

Sensa ndi kachipangizo ka m'kamera komwe kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi. Ya full-frame ndi ya mamilimita 36 mulitali ndi 24 mulifupi. Ya crop, yomwe imatchedwanso APS-C, ya Nikon, Sony ndi Fujifilm ndi pafupifupi 23.5 ndi 15.6, pomwe ya Canon ndi yocheperapo pang'ono, pafupifupi 22.3 ndi 14.9. Manambala a 1.5 ndi 1.6 (kwa Canon), omwe timachulukitsa nawo utali wa lenzi ikakhala pa crop, amachokera pamenepa. Lenzi siisintha mukaichotsa pa kamera iyi n'kuimanga pa inayo, ya 200mm imakhalabe ya 200mm. Kungoti sensa yaing'ono imatenga pakati pokha pa chithunzi chomwe lenzi yaponya, za m'mbali zonse n'kutsala kunja. N'chifukwa chake munthu amadzaza chithunzi ngati kuti mwamujambula ndi 300mm pa full-frame, kapena 320mm ngati kamerayo ndi ya Canon.

Tsono kudula m'mbali si luso lachilendo. Full-frame nayonso imatha, ingoikeni pa crop mode kapena dulani chithunzi pa kompyuta. Nkhani yagona pa ma pixel, tizidutswa ting'onoting'ono topanga chithunzi, omwe amatsala mukadula. Full-frame ya ma megapixel 24 imatsala ndi pafupifupi 10 ikadulidwa ndi 1.5, ndipo ikadulidwa ndi 1.6 imatsala ndi 9 ndi kakuti. Canon R7 ili ndi 32.5 pa sensa yaing'ono yomweyo. Kuti full-frame ithinanitse ma pixel motero, ikanafunika kukhala ndi ma megapixel oposa 80. Choncho amene ali ndi R6 Mark II n'kuwonjezapo R7 wapinduladi: mbalame yomweyo, lenzi yomweyo, malo oima omwewo, koma ma pixel ogwera pa mbalameyo ndi ochuluka koposa katatu.

Kwa amene ali ndi full-frame ya ma pixel ambiri masamu ake ndi ena. Nikon D850 ndi Z8 ali ndi 45.7, ndipo pa DX, yomwe ndi crop mode ya Nikon, amapereka pafupifupi 19, pomwe D500 ili ndi 20.9. Sony A7R V ili ndi 61, pa APS-C imapereka 26, nambala yomweyo ya a6700. Apa kamera ya crop siikupatsani kanthu komwe mulibe kale. Mutha kuigulabe chifukwa ndi yopepuka, kapena kuti musamasinthe malenzi pa fumbi, koma zoti ikufikitsani patali muiwale. Ndipo ngakhale pomwe phindu lilipo, ma pixel othinana samakhululuka. Lenzi yosakuthwa imaonekera poyera, kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kumaonekanso, ndipo mukatseka aperture, bowo lolowetsa kuwala mu lenzi, kupitirira f/8 chithunzi chimayamba kufewa msanga kusiyana ndi pa full-frame ya 24.

Kagawidwe ka malenzi n'kosavuta: yotambasula pa full-frame, yaitali pa crop. Amene ali ndi 24-70mm ndi 70-200mm amakhala ndi 24 mpaka 70 paphewa lina, ndi 105 mpaka 300 paphewa linalo. Kwa masewera a masana, nyama zakutchire, kapena msonkhano womwe wolankhula ali patali, palibe chodandaula. Koma taonani mpata womwe watsala pakati pa 70 ndi 105, kapena 112 kwa a Canon. Mumpata umenewu ndi momwe muli 85mm, utali womwe ambiri amaukonda pojambula nkhope. Njira zotsekera mpatawu zilipo. Ina ndi kumanga 24-105mm f/4 pa full-frame, ngakhale mwataya stop imodzi, kutanthauza theka la kuwala, poyerekeza ndi lenzi ya f/2.8. Ina ndi kuika crop mode pa batani limodzi la full-frame, kuti 70 isanduke 105 mukalidina, mukudziwa kuti ma pixel achepa. Yosalira ndalama ndi kungosendera kutsogolo masitepe awiri, ngati malo akulola.

M'chipinda chaching'ono ndi momwe dongosololi limasokonekera. 70-200mm yoyambira pa 105 imakupatsani mutu ndi mapewa basi, ndipo mukati mubwerere m'mbuyo msana wagunda kale khoma. Mukasinthanitsa malenzi, 24-70mm pa crop imasanduka 36-105, pa Canon 38-112, ndiye kuti kutambasula kwanu konse kwapita. Kwa okonda malenzi osasuntha utali, 35mm pa full-frame ndi 50mm pa crop ndi awiri omwe ndimawayamikira, popeza 50mm imagwira ntchito ngati 75 kapena 80, ndi yopepuka, ndiponso imatseguka mpaka f/1.8. Ya 85mm pa crop imafika cha m'ma 128 mpaka 136, yabwino panja koma yotalika kwambiri m'nyumba.

Nkhani ya mdima ndi yomwe ambiri amaiphunzira mochedwa. f/2.8 ndi f/2.8 pa makamera onse awiri, ndipo mukaika shutter ndi ISO zofanana zithunzi zimawala mofanana. Kusiyana kuli pa kuwala konse komwe sensa yasonkhanitsa. Full-frame ili ndi malo okwana masikweya milimita 864, pomwe APS-C ili ndi pafupifupi 367, ya Canon pafupifupi 332. Kumeneku ndi kusiyana koposa stop imodzi. Pa makamera a m'badwo umodzi, noise (timadontho ta m'chithunzi) yomwe mumaiona pa ISO 3200 ya crop ndi yomwe full-frame imaionetsa ikadutsa 6400. Choipa n'chakuti kamera yofookera mdimayi ndi yomwenso mwaisenzetsa lenzi yaitali, yomwe imafuna shutter yothamanga. Popanda stabilisation, yochepetsa kunjenjemera kwa dzanja, 200mm pa full-frame imafuna pafupifupi 1/200, koma pa crop imafuna 1/320. Mavuto awiri aunjikana pa kamera imodzi, ndipo zotsatira zake mumaziona pokonza zithunzi za madzulo: za 24-70mm zoyera bwino, za 70-200mm zodzaza timadontho pankhope ndi pa zovala zakuda.

Choncho dzuwa likalowa, kapena mwambo ukalowa m'holo, sinthani ntchito. Lenzi yaitali ipite pa full-frame, ya crop itenge lenzi yaifupi ya f/1.8 kapena igwire ntchito ndi flash. Ngati mumagwiritsa ntchito Auto ISO, malire a pamwamba asafanane. Mukalola full-frame kufika 12800, ya crop muiimitse pa 6400, ndipo shutter yotsikitsitsa muiike nokha pa kamera iliyonse molingana ndi lenzi yomwe yanyamula.

Kusungunuka kwa zakumbuyo nakonso kumasiyana. Kuti munthu adzaze chithunzi mofanana ndi lenzi yomweyo, wa crop amayenera kuima patali, ndipo kutalikirako kumachititsa kuti zinthu zambiri zilowe mu focus. f/2.8 pa crop imaoneka ngati f/4.2 kapena f/4.5 ya full-frame. Kwa wofuna kuti kumbuyo kusungunukiretu, ichi ndi chotaya. Koma si nthawi zonse pomwe chili choipa. Anthu awiri akaima wina patsogolo pang'ono, pa crop onse amatuluka akuthwa pa f/2.8, pomwe pa full-frame mmodzi amafewa. Ojambula tizilombo ndi tinthu ting'onoting'ono amakondwera nazo zimenezi.

Tibwerere ku nkhani ya kamera yodikirira ija. Tiyerekeze kuti full-frame yazima pakati pa ukwati, shutter yakana, ndipo patsala chithunzi cha gulu la anthu makumi atatu m'chipinda. Mwamanga 24-70mm pa crop, 24 yasanduka 36, anthu a m'mphepete sakulowa ndipo kumbuyo kulibe kosendera. Kamera yachiwiri ili m'manja koma ntchito yaima. Mankhwala ake ndi kalenzi kakang'ono kotambasula kokhala m'chikwama nthawi zonse. Nikon ndi Sony ali ndi 16-50mm za APS-C zomwe zimayambira pa 24, Canon ali ndi RF-S 18-45mm yoyambira cha pa 29. Amene ali kale ndi 16-35mm ya full-frame asavutike, pa crop imakhala 24 mpaka 52, kapena 26 mpaka 56. Onaninso malo olowetsa makhadi osungira zithunzi. R7 ndi D500 ali ndi malo awiri, pomwe a6700, Z50 ndi R10 ali ndi amodzi okha. Ngati theka la zithunzi za ntchito yolipidwa likudutsa m'kamera ya khadi limodzi, dziwani kuti theka limenelo lilibe kope lina.

Posankha, ine ndikanayamba ndi batire ndisanayang'ane china chilichonse. Canon R6, R6 Mark II ndi R7 amadya mabatire a mtundu wa LP-E6, koma R10 ndi R50 amadya LP-E17, lomwe limalowanso mu R8 ndi RP. Kwa Sony, A7 III, A7 IV, a6600 ndi a6700 onse amagwiritsa NP-FZ100, pomwe a6400 ili pa NP-FW50 laling'ono lija. Kwa Nikon, D750, D850, D500 ndi D7500 amagawana EN-EL15, monganso Z6 ndi Z8, koma Z50 ili ndi lakelake, EN-EL25. Mabatire osiyana ndiye kuti matchaja awiri, matumba awiri, ndipo tsiku lina mudzapisa m'thumba mofulumira n'kutulutsa batire lodzaza la kamera yomwe siinazime.

Pa mount, polumikizira lenzi ndi kamera, Sony E, Nikon Z, Nikon F ndi Canon RF amalola lenzi kudumpha pakati pa makamera awiriwa. Lenzi ya APS-C ikamangidwa pa full-frame, kamera imalowa yokha mu crop mode ndipo ma pixel amagwa monga tawerengera muja, ndiye malenzi okwera mtengo muzigula a full-frame kuti atumikire mbali zonse. Chenjezo lili pa Canon zakale. Lenzi ya EF-S siimangika pa DSLR ya full-frame monga 5D kapena 6D, anaipanga dala motero chifukwa kumbuyo kwa lenzi zina kumalowa mkati moti kalilole wa m'kati mwa kamera akhoza kugunda. Pa makamera a R imagwira ntchito kudzera pa adapter. Malenzi a EF-M salowa pa RF. Fujifilm X ilibe mnzake wa full-frame, choncho kuiphatikiza ndi kampani ina ndi kugula zonse kawiri, malenzi, flash ndi trigger zomwe. Ena amachita ndipo amasangalala, koma kumeneko ndi kukhala ndi zida za mitundu iwiri, osati makamera awiri othandizana.

Zotsala ndi za usiku woti mawa kuli ntchito. Mawotchi a makamera onse afanane mpaka pa sekondi, apo ayi mukasakaniza zithunzi pa kompyuta mphete idzavalidwa akwati asanalowe. Njira yachidule ndi kujambula wotchi ya pa foni yoonetsa masekondi ndi kamera iliyonse, kuti ngati zasiyana mudzakonze zonse nthawi imodzi. Sinthani zilembo zoyambirira za mayina a mafayilo, popeza makamera awiri a kampani imodzi onse amatha kutulutsa DSC_0001 kapena IMG_0001, ndipo m'foda imodzi lina limafufuta linzake mukadina mosaganiza. White balance, yomwe imakonza mitundu molingana ndi kuwala kwa pamalopo, musaisiye pa auto pa onse awiri, chifukwa lenzi yotambasula ikuona chipinda chonse pomwe yaitali ikuona nkhope ndi khoma lokha, ndiye iliyonse imaganiza zake ndipo khungu la munthu mmodzi limatuluka mitundu iwiri. Ikani nambala imodzi ya Kelvin pa white balance ya onse awiri, jambulani khadi lotuwa ndi makamera onse pamalo omwewo, ndipo jambulani RAW. Ngati pali flash, shutter ya 1/200 pa onse awiri imakupulumutsani pa makamera ambiri ku mzere wakuda womwe umatuluka pa chithunzi shutter ikathamanga kwambiri, koma yang'anani malire a yanu chifukwa ena amathera pa 1/160. Pa vidiyo, frame rate ndi picture profile zifanane.

Mabatani nawo muwayanjanitse momwe mungathere. R7 ili ndi gudumu lozungulira joystick pamwamba, pamalo osiyana ndi a R6, ndipo a6700 ilibe joystick pomwe A7 IV ili nayo. Chala sichidziwa kuti chagwira kamera iti, chimangopita komwe chinazolowera. Focus ikhale pa batani lofanana, ndipo gudumu la kutsogolo lisinthe chinthu chimodzimodzi pa onse awiri.

Amene ntchito yake yambiri ndi ya m'nyumba ndi usiku, maukwati, zisudzo, zoimbaimba, ndikanamuuza kuti full-frame yachiwiri, ngakhale yakale kapena yogwiritsidwapo kale, imuthandiza kuposa crop yatsopano, popeza lenzi iliyonse imaona chimodzimodzi paphewa lililonse ndipo imodzi ikazima inzake imapitiriza ndi 24mm yeniyeni. Wa mpira wa masana, mbalame ndi nyama, amene full-frame yake ili ndi ma megapixel 24 kapena kucheperapo, agule ya crop yodya batire lomwelo, aimangire lenzi yaitali, ndipo kalenzi kotambasula kaja kasachoke m'chikwama.