Dzenje lalifupi ndi limene limagwetsa akatswiri

Loweruka lapitali tinakangana mpaka khofi kuzizira, ine ndi anzanga awiri amene ndimasewera nawo disc golf kuno ku Indiana. Nkhani yake inali yoti dzenje lovuta kuposa onse pa masewerawa ndi liti. Iwo akuti ndi la nambala 12 pa bwalo la Northwood Black. Ine ndikuti ayi. Anandiseka, ndiye ndabwera nazo pano kuti nanunso mundiseke, koma muyambe mwamva kaye.

Abale akumudzi amene mukudabwa kuti mkuluyu wayamba zotani ku America, dikirani ndikufotokozereni. Ndi gofu ndithu, koma yopanda ndodo ndi mpira. Umaponya disiki, kambale kapulasitiki kouluka, kuchokera pa kasimenti koyambira mpaka kakalowe mu dengu lachitsulo loimikidwa pa mzati. Pamwamba pa dengulo pamalendewera matcheni ogwira disikiyo. Wopambana ndi amene wamaliza bwalo lonse ataponya kochepa. Timati "dzenje" potengera gofu, ngakhale palibe amene anakumbapo. Dzenje lililonse lili ndi par yake, kutanthauza maulendo amene katswiri ayenera kuponya kuti amalize. Ukaponyera kunja kwa malire, kaya m'madzi kaya kuseri kwa chingwe, amakuwonjezera ulendo umodzi ngati chilango. Dengu la matchenilo analiyambitsa ndi Ed Headrick m'zaka za m'ma 1970, ndipo bwalo loyamba lenileni linatsegulidwa ku Oak Grove Park ku California mu 1975. Ku Finland lero masewerawa ali ngati mpira wamiyendo kwathu, m'mapaki ambiri ukumva matcheni kulira.

Tsono za Northwood. Sindikunena za m'maluwa, ndinapitako. Lili ku Morton, kufupi ndi Peoria m'chigawo cha Illinois, ulendo wa maola pafupifupi anayi pa galimoto kuchokera kuno. Ndi limodzi mwa mabwalo a mpikisano wa Ledgestone. Dzenje la 12 ndi par 5, lotalika kupitirira mamita 300, ndipo njira yonse ndi nkhalango. Kanjira koponyamo ndi kopapatiza, mitengo uku ndi uku, kutsogolo kuli kakhwawa. Utaima poyambira, dengu sulionanso n'komwe, umangokhulupirira chikwangwani kuti lilipo.

Ulendo wanga woyamba disiki inachoka bwino m'dzanja, ine n'kuyamba kale kudzitama mumtima. Sinapite patali, ndinangomva kuti gwa! pa thunthu, iyo n'kutembenukira kumanzere m'ziyangoyango. Kumeneko sungatambasule mkono. Ndinagwada bondo limodzi, udzudzu uli pakhosi, n'kuikankhira panja mamita khumi okha kuti ndibwerere pa njira. Kuponyanso, mtengo wina. Pofika pa dengu ndinali nditaponya ka 11, malaya atanyowa, msongolo utakalikakalika. Choncho musaganize kuti ndikulipeputsa. Ngakhale akatswiri odya ndalama za masewerawa, ambiri amachokapo atapitirira par, ndipo wolimaliza m'maulendo anayi amamuombera m'manja ngati wachita zozizwitsa.

Koma taonani apa. Dzenje limene likuzunza aliyense mofanana silikulanda kanthu pa mpikisano. Iwe waponya ka 6, mnzako ka 6, winayo ka 7. Mwatopa nonse, mwatukwana mitengo nonse, koma mukuchokapo mutatalikirana ndi ulendo umodzi basi. Komanso par ndi nambala yoikidwa ndi munthu. Mawa mwini bwalo atadzuka n'kulemba 6 pamene panali 5, dzenje lomwelo, mitengo yomweyo, anzanga aja angayambe kulitcha dzenje wamba. Ndiye kuvuta kwake kuli m'nkhalango kapena pa chikwangwani?

Ndipo chinthu china chimene ndinachiona tsiku lija: pa Northwood 12 mtima wanga sunagunde. Ndinalowa ndikudziwa kuti ndikamenyedwa. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Palibe amene amayembekezera kuti uchita bwino, ndiye ukalephera manyazi palibe.

Dzenje limene ine ndimaliopa ndi la 17 ku Winthrop, pa yunivesite ya ku Rock Hill, South Carolina, kumene kumachitikira mpikisano wa United States Disc Golf Championship kuyambira 1999. Kumeneko sindinaponyepo, ndimangoonera pa YouTube chaka ndi chaka, koma ngakhale pa sofa manja amandichita thukuta. Ndi par 3. Kutalika kwake sikukwana mamita 100, ndipo umaponya chotsetsereka. Mitengo yotchinga njira palibe. Dengu ukulionera apo. Mwana wa sukulu amene wasewera miyezi itatu akhoza kufikapo. Vuto ndi loti malo ololedwa kuteramo ndi kachilumba: kutsogolo anatchinga ndi mitolo ya udzu wouma, kumbuyo kuli nyanja. Disiki ikaperewera pang'ono, yagunda udzu, uli kunja. Ukawonjezera mphamvu pang'ono, yadumpha n'kulowa m'madzi. Ndipo ndi lachiwiri kwa lomaliza, nthawi imene chikho chayamba kale kununkhira.

Mu 2014 JohnE McCray, bambo wa zaka zoposa 40, anafika pa dzenje limeneli tsiku lomaliza akutsogola bwino lomwe. Anangotsala ndi maenje awiri kuti anyamule chikho chachikulu kuposa chilichonse pa moyo wake. Anaponya, osatera pachilumba. Anabwereza pomwepo, chilango chili pamwamba, osateranso. Anabwerezanso. Ndinaonera kanema ameneyu kangapo ndipo chimene chimandipweteka si disiki, ndi nkhope ya munthuyo pamene akupisa dzanja m'chikwama kutenga ina. Zonse zimene anasonkhanitsa masiku anayi zinathera pa kadzenje kamene pa tsiku wamba akanakamaliza akucheza. Mapeto ake anafanana mapointi ndi Will Schusterick ndi Paul McBeth, anakapikisana atatuwo, chikho n'kupita kwa Schusterick.

Ndiuzeni tsono, ndi mtengo uti wa ku Northwood unachitapo zotere kwa munthu?

Anzanga aja anayankha kuti zimenezo ndi zopangira, chilumba cha udzu ndi zingwe si zovuta zenizeni, ndi mwini bwalo wangofuna kuzunza anthu. Pamenepo ndikuwamvako pang'ono. Pa bwalo lomweli la Winthrop pali dzenje lina amalitcha 888 potengera kutalika kwake m'mafiti, lodutsa m'mbali mwa malo oimika magalimoto, malire ali mbali zonse, ndipo nanenso ndikamaliona sindimva kukoma. Kuona disiki itatera pa kapinga wabwinobwino koma wina n'kukweza mbendera kuti ili kunja chifukwa cha chingwe, zimandikwiyitsa. Mtengo ndi woona mtima, ukaugunda umadziwa chimene walakwa. Koma funso lathu silinali lakuti dzenje lokongola ndi liti. Tinkafunsa lovuta.

Amene munamenyapo penate anthu akuonerera mukudziwa chimene ndikunena. Golo ndi yaikulu, mtunda ndi waufupi, pa tirening'i umagoletsa khumi mwa khumi. Pa fainolo mwendo umasanduka wa munthu wina. Disiki ndiye imaposa mpira pa kuulula mantha. Ukaopa, zala zimaigwira mopitirira, imachedwa kutuluka m'dzanja, n'kuthawira kumanja ngati umaponya ndi dzanja lamanja. Ukaopa mwa mtundu wina umaisiya msanga, yofooka, n'kugwera kumanzere isanafike. Mphepo nayo imalowererapo: yochokera kutsogolo imaikweza n'kuipidigula, yochokera kumbuyo imaikanikizira pansi. M'nkhalango mitengo imakutchingira mphepo. Pachilumba cha m'mbali mwa nyanja palibe chokutchingira, uli wekha ndi mutu wako.

Chitsanzo china ndi cha 2021 ku Ogden, Utah, pa mpikisano wa dziko lonse. Aliyense amakumbukira zimene James Conrad anachita pa dzenje lomaliza, kulowetsa disiki mu dengu ali pa mtunda wa mafiti 247, pafupifupi mamita 75, n'kufanana ndi McBeth amene ankaoneka kuti watenga kale chikho. Anthu anathamanga bwalo lonse ngati openga. Koma zimenezo sizinamupatse chikho, zinangomupatsa mwayi wokapikisananso. Anawatengera pa dzenje la 16, lalifupi, la chilumba. Conrad anateretsa yake mkati. McBeth, amene pa nthawiyo anali atatenga kale ukatswiri wa dziko lonse kasanu, yake inatuluka kunja. Munthu yemweyu mu 2018 anamaliza bwalo la Toboggan ku Michigan, bwalo la mapiri ndi maenje atalitali, ndi maulendo 18 pansi pa par tsiku limodzi. Kutalika sikunamuopsepo. Kachilumba ndi kamene kanamulanda chikho.

Ndisabise, mwina ndikulankhula chonchi chifukwa ndili ndi chilonda changa. Pa bwalo lathu la kuno pali kadzenje ka par 3 kowoloka dziwe. Mamita 60 kapena kuposerapo pang'ono. Pa udzu wopanda madzi mtunda umenewo ndimaufika ndi disiki yoponyera pafupi, osathamangira n'komwe. Kumanja kwa dziwe kuli njira ya amantha: uponye pang'ono m'mbali, kenako uyandikize, ulowetse, par yako ili m'thumba. Njira imeneyo ndimaidziwa bwino. Ndimaiona sabata iliyonse. Sindinaidutsepo.

Mwezi watha tinkasewera kaligi kathu ka madzulo, ndikutsogola ndi maulendo awiri, koyamba chiyambireni. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti achimwene, ingodutsani m'mbali. Ndinamuyang'ana ngati wanditukwana. Ndinatulutsa disiki yanga yofiira, imene ndakhala nayo zaka zitatu, yokalikakalika m'mphepete, yodziwa dzanja langa kuposa ina iliyonse. Poponya ndinamva ndekha kuti chala chaigwira mochedwa. Inakwera, inapendekera kumanja, n'kuti phava! pakati pa dziwe, abakha n'kubalalika. Apa munthu wanzeru akanavomera chilango n'kudutsa m'mbali. Ine ndinatulutsa ina. Imeneyo inagunda gombe la tsidya, inaima ndi m'mphepete ngati ikuganiza, kenako n'kugubuduka pang'onopang'ono kubwerera m'madzi, tonse tikuionerera, palibe wotsokomola. Madisiki awiri, madola pafupifupi 40, ndi ligi, zonse pa mphindi zitatu.

Ku Northwood ndinaponya ka 11 koma pobwerera ndinkaimba m'galimoto. Za padziwe zija ndinafika nazo kunyumba, akazi anga n'kundifunsa ngati kuntchito kwagwa zovuta.

Ndiye abwenzi a Northwood, sungani nkhalango yanu, ndimailemekeza, ndipo chilimwe chikubwerachi ndikabwererako kukayesa kutsitsa 11 ija ifike pa 8. Koma mukandiuza kuti ndisankhe pomwe ndingaime ndikutsogola ndi ulendo umodzi tsiku lomaliza, ndisankha mitengo, osati udzu wa ku Rock Hill. Loweruka likubwerali tili ndi ligi kachiwiri. Ndagula yofiira ina, ndipo ndalemba kale dzina ndi nambala ya foni kunsi kwake ndi cholembera chosafufutika, kuti amene adzaivuule m'dziwemo adzandiimbire.