Mukaika update, yesaninso failover

Anzanga oyang'anira ma database, pali chizolowezi chimene chikundidetsa nkhawa. Tikaika update (version yatsopano ya pulogalamu) pa cluster, gulu la maseva ogwira ntchito limodzi, timangoona kuti maseva onse adzuka, replication (kukopera deta kuchoka pa seva yaikulu kupita pa maseva odikirira) ikuyenda, basi n'kulemba kuti zatheka. Koma chifukwa chenicheni chomangira cluster, choti seva yaikulu ikagwa inzake itenge udindo (imeneyi ndiye failover), sitichiyesa n'komwe.

Taonani pulogalamu ya database ya PostgreSQL. Mu 2019, version 12 inachotsa fayilo ya recovery.conf, zimene zinkalembedwamo n'kusamukira mu postgresql.conf, ndipo seva ikapeza fayilo yakaleyo imakana kudzuka. Vuto limeneli ndi labwinoko chifukwa limaonekera pomwepo. Loopsa ndi la version 16 ya mu 2023, imene inachotsa promote_trigger_file, choikamo chouza seva yodikirira kafayilo koti ikakaona itenge udindo. Ngati script yanu (kapulogalamu ka malamulo) imakweza seva yodikirira kukhala yaikulu pongopanga kafayilo kenakake, kafayiloko kadzapangika bwinobwino, popanda chenjezo lililonse, koma sipadzakhala wokawerenga. Seva yodikirira idzangokhala chidikirire, ikukana kulemba chilichonse, makasitomala ali pa mzere kulephera kulipira. Njira zimene zatsala ndi pg_ctl promote kapena pg_promote().

Ku MySQL nakonso n'chimodzimodzi. Version 8.4 ya mu 2024 inachotseratu malamulo a replication a CHANGE MASTER TO ndi START SLAVE. Tsopano ndi CHANGE REPLICATION SOURCE TO ndi START REPLICA. Mizere yakaleyo imagona mu script imene imagwira ntchito tsiku la tsoka lokha. Mukhoza kutha miyezi osadziwa kuti inafa kalekale, monga jenereta imene simunailize mpaka usiku umene magetsi athima.

Ndikudziwa chimene chimatigwira manja. Kupita kwa abwana kukanena kuti mukufuna kuzimitsa dala seva yaikulu, zinthu zonse zikuyenda bwino, kumafuna mtima. Ena amayankha kuti osaputa mavuto. Ine ndikukana zimenezo. Seva idzagwa ndithu tsiku lina, ndipo bola igwe masana nonse muli pa desiki, backup yatsopano ili pambali, kusiyana n'kuti igwe yokha pakati pa usiku wa malipiro.

Choncho poika update yambani ndi maseva odikirira, yaikulu ikhale yomaliza. Fananizani zoikamo zakale ndi zatsopano mzere ndi mzere, osaiwala mafayilo a .rpmnew, okhala ndi zoikamo zatsopano, amene update imasiya pambali pa akale. Kenako zimitsani yaikuluyo, muwerenge masekondi mpaka inzake iyambe kulandira zolemba. Ngati chiwerengerocho mulibe, musandiuze kuti update yatha.