Iwe ndi inu zimasintha munthu

Zoti chilankhulo chimaumba mmene munthu umadzionera nzoona ndithu. Ine amayi anga ankanditi iwe moyo wanga wonse, koma tsiku lomwe ndinatuluka kuchipatala ndi khanda m'manja anangoti "inu amake mwana khalani apa", eee misozi inalengeza, mpomwe ndinadziwa kuti ndakula basi. Pano ndili ku Johannesburg, bwana ndi kamwana onse ndi you yemweyo, mpaka lero lilime limandilemera poyankhula ndi achikulire. Nanga pepani? Munthu akapunthwa ndimati sorry iye nkumadabwa ati sunalakwe ndiwe, chonsecho kwathu pepani ndikumva kuwawa limodzi ndi mnzako, pamaliro pomwe timangoti pepani nkukhala pamphasa phee.