Inu a ma 4x4 odzaza zitsulo, tamverani kaye musanatiphere ana dzinja lino

Ana inu, ndakhala chete nthawi yaitali koma zomwe ndaona Loweruka lapitali pa dambo la kwathu kuno zandichotsa ulemu. Hilux yatitimira m'matope mpaka mimba kugunda pansi, mnzake wabwera ndi Ranger kudzakoka, ndiye mnyamata wa kabudula ndi magalasi akuda watenga lamba wokokera uja nkumukoleka pa kampira kachitsulo ka kumbuyo, kaja kokokera ngolo kamene amati tow ball. Ana a m'mudzi azungulira mbali zonse, ena akhala pa chulu pompo kudikira sewero laulere. Ndinakuwa ngati ndaona njoka m'nyumba. Anandiyang'ana ngati nkhalamba yosokonekera mutu, wina mpaka kundiuza kuti "madala musadandaule, lambayu ndi wa ku Joni, ndi orijino." Vuto si lamba mwana wanga, vuto ndi pomwe wamukoleka!

Kampira kaja anakapanga kuti kazikoka ngolo pang'onopang'ono pamsewu, osati kulandira chikoka chadzidzidzi. Lamba wokokera m'matope uja amatamuka ngati legeni, ndiye galimoto yakutsogolo ikathamanga nkukoka mwamphamvu kampirako kamathyoka pakhosi nkuuluka ngati mwala wa pa legeni yemweyo, kungoti mwala wake ndi chitsulo cholemera kuposa chibakera chako. Kamaboola galasi, kamaboola chitseko, ndipo ku Australia komwe magalimoto amenewa ndi ochuluka anthu afa ndi chinthu chomwechi atakhala pampando mkati mwa galimoto. Lamba amakoleka pa malo okokera enieni omangidwa ku chasisi ndi mabawuti olimba, osati pa tizingwe tachitsulo tomwe anamangira galimoto m'sitima pobwera ku Dar es Salaam, tija ndi tomangira basi. Shakolo yake, kachitsulo kokhota kolumikizira lamba ku galimoto, ikhale yodindidwa kulemera komwe imapirira, zambiri za magalimoto athuwa zimalembedwa matani 4.75, yopanda chidindo ija yapamsika isiyeni izimangira ng'ombe. Ndipo musadzayerekeze kulumikiza malamba awiri ndi shakolo pakati, mwapanga chipolopolo china. Pakati pa lamba ponyanipo bulangete kapena thumba lonyowa kuti lambayo akaduka agwe pansi, anthu onse aime kutali kuposa kutalika kwa lambayo, ana athamangitseni ngakhale akutukwaneni.

Mwina mukuti mkulu ameneyu akudziwa chani. Ine ndayendetsa Land Cruiser za mapulojekiti zaka zoposa 30, ndakwera Golodi kupita ku Livingstonia mvula ikugwa, ndadutsa Rumphi kulowa pa Thazima mpaka Chelinda msewu uli phala lokhalokha, ndagona m'galimoto kutsidya kwa Shire kudikira madzi aphwe. Galimoto zimenezo zinalibe zokongoletsa zomwe mwadzaza inuzi. Munali fosholo, khasu, chikwanje, pampu, sipeya ziwiri ndi mutu wa dalaivala. Sindikudana ndi zipangizo ayi, zina ndi zabwino ndithu moti ndikanakhala nazo nthawi ija ndikanavutika pang'ono, koma inu mukugula kuti anthu akuoneni pa Facebook ndipo ntchito yake simukuidziwa.

Tiyambe ndi snorkel, chipaipi chija chokwera m'mbali mwa galasi. Ambiri a inu mukangoika mumaona ngati galimoto yasanduka bwato. Ntchito yake ndi kukweza pomwe injini imakokera mpweya, pafumbi imathandiza kuti fyuluta isatsekeke msanga, pamadzi imachepetsa ngozi yoti injini imwe. Basi yathera pomwepo. Ndipo ngati amene anakuikirani sanamate bwino polumikizira ndi bokosi la fyuluta, madzi alowera pansi pomwepo inu mukunyadira chipaipi chili m'mwamba. Injini ya dizilo ikamwa madzi sikhosomola ngati munthu, madzi safinyika, ndiye pisitoni ikakwera nkuwapeza konirodi, kamtengo kachitsulo kogwira pisitoniyo, imapindika kapena kuboola buloko. Ndikunena zomwe zinandichitikira ndili mnyamata, ndinalowa mumtsinje ndi liwiro kufuna kuonetsa ukatswiri kwa abwana omwe ndinawanyamula, injini inangoti khu! nkuzima pakati pamadzi, ndipo kupusa kwanga ndinayesanso kuliza, pomwepo ndinaimaliza. Tinakokedwa ndi thirakitala mawa lake, manyazi ake ndimawamvabe mpaka lero.

Komanso snorkel siteteza giyabokosi ndi ma diff, magiya aja a pakati pa matayala ogawa mphamvu ku matayalawo. Zimenezi zili ndi timabowo topumira, ndiye diff yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi, oyilo nkusanduka ngati tiyi wamkaka, pakatha miyezi iwiri mukumva kulira kumbuyo nkumati makaniko anakuberani. Kukweza timapaipi topumira tija ndi ntchito yotchipa kwambiri koma palibe amaifuna chifukwa sioneka pachithunzi. Opanga Hilux zatsopanozi amati madzi asapitirire masentimita 70, a Ranger amati 80, ndipo akunena madzi odekha, osati mtsinje wothamanga womwe ngakhale usanafike pamenepo umanyamula galimoto yonse nkuipititsa chammbali. Amene tinaona zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chikwawa, Nsanje, Mulanje ndi Phalombe sitifunika kuuzidwa mphamvu ya madzi. Tsikani, yendani wapansi ndi ndodo muone kuya ndi pansi pake, ngati madzi akukugwetsani inuyo galimotonso musailowetse. Kumene kuli ng'ona, monga m'mbali mwa Shire, musayesenso zoyenda wapansizo, ingodikirani, anthu akumaloko akuuzani nthawi yowoloka.

Ndiye pali kaliyala wa padenga. Abale anga, denga la galimoto si ngolo ya ng'ombe. Mwaika tenti yogona pamwamba, zigubu zinayi za dizilo, tayala la sipeya, silinda ya gasi, ena mpaka matumba a makala ogula panjira. Chigubu chimodzi cha malita 20 chikadzaza dizilo chimalemera pafupifupi makilogalamu 20, zinayi ndi 80, musanawerenge kaliyala mwini wakeyo yemwe ndi chitsulo cholemera. Buku la galimoto yanu linalemba malire a katundu wa padenga, munaliwerengapo? Katundu akachuluka m'mwamba galimoto imayenda ngati mayi wosenza mtolo wautali wa nkhuni pamwala woterera, pakona imapendama, ukapewa mbuzi mwadzidzidzi imagudubuzika. Kaiyeseni pa makona a Golodi kapena potsika Chiweta muone mmene mtima umadumphira. Zolemera zonse, madzi, mafuta, zitsulo, zikhale pansi pakati pa matayala ndipo zimangidwe, padenga pazipita matilesi ndi mipando yopinda.

Pamwamba pa zimenezo mwaikweza galimoto ndi masipuling'i ataliatali nkuika matayala akuluakulu ngati a thirakitala. Kukweza pang'ono ndi mashoko abwino kumathandiza, sindikukana. Koma dziwani kuti tayala likakula, sipidomita imanama, ikamati 100 inu muli pa 105 kapena kuposa, mabuleki amavutika kuimitsa, mafuta amapita ngati mukuthira pansi, ma CV joint, mfundo zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, amatha msanga chifukwa apendekeka. Matayala a matope aja pa phula lonyowa sagwira bwino ngati wamba. Munthu amene moyo wake wonse ndi Area 47 kupita ku City Centre, matayala amenewa ndi a chani?

Koma chomwe chimandiwawa zedi ndi magetsi. Mwaika chimtanda cha LED padenga, masipoti anayi kutsogolo, nkumayatsa zonse pa M1 usiku osathimitsa ngakhale mukukumana ndi anzanu. Ine maso anga ndi okalamba, mukandiwalitsa ndimakhala masekondi angapo osaona kalikonse, ndipo m'mbali mwa msewu muli wa kabaza wopanda nyali, mayi wochokera kuchigayo, ngolo ya ng'ombe yopanda chowala. Amene ndimugunde chifukwa cha inu ndani adzamulire? Magetsi amenewo ndi a kutchire kopanda anthu, mukaona nyali kutsogolo thimitsani. Mawaya akenso mumangopatsa mnyamata wa pansi pa mtengo alumikize ku batire opanda fyuzi opanda rileyi, waya nkumakhuzana ndi chitsulo mpaka tsiku lina utsi pansi pa boneti. Chozimitsira moto mulibe, koma firiji ya mowa ndiye ilimo.

Za bulubala, chitsulo chija chotchinga kutsogolo kwa galimoto, ndingonena mwachidule. Yowotcherera ndi mapaipi a madzi ija imalemetsa kutsogolo, imatha kusokoneza ma airbag, ndipo kutalika kwake ndi pamutu pa mwana wa sitandade 2. Ngati mukuifuna gulani yopangidwira galimoto yanuyo, ndipo muziyenda ngati munthu wodziwa chomwe wanyamula kutsogolo. Wintchi nayo, makina aja okokera galimoto ndi waya, musagwire waya wake ndi manja opanda magolovesi, musaudumphe uli wokoka, ndipo pamtengo zungulizani lamba osati waya. Jeke yaitali ija ya Hi-Lift yomwe mumaipachika kumbuyo kuti izioneka, chogwirira chake chikakupulumukani potsitsa chimabwerera ndi mphamvu yothyola nsagwada, mutu usakhale pamwamba pake, ndipo musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke imeneyo. Chinanso, pa Hilux ndi zinzake zambiri 4H, giya yoyendetsa matayala onse anayi, si ya pa phula louma, mukaiwala kuchotsa magiya amamangana mpaka china chithyoke.

Ndalama zomwe mwawononga pa magetsi zikanagula zinthu zomwe zimatulutsadi munthu m'mavuto. Kapampu ka magetsi kopopera matayala, geji yoyezera mpweya, zomatira pankchala, fosholo ya chogwirira chachitali, matabwa oyala pansi pa tayala, thabwa lochindikala loikapo jeke pofewa, tochi, sipeya yachiwiri ngati mukupita kutali. Pamchenga ngati wa ku Senga Bay kapena pamatope, kuchotsako mpweya mpaka cha m'ma 1.5 bar kumapangitsa tayala kuyala phazi lake nkuyandama m'malo mokumba, kungoti mukabwerera pa phula popaninso musanathamange, apo ayi tayala litentha nkuphulika.

Anyamata a Loweruka aja pamapeto pake anandimvera, osati chifukwa cha ulemu koma chifukwa ndinakaima pakati pa magalimoto awiriwo nkuwauza kuti ayambe andiponda ine. Tinabwereka makasu awiri kwa amayi omwe amapalira chimanga chapafupi, tinakumba kutsogolo kwa matayala onse anayi ndi pansi pa diff, tinachotsako mpweya, tinayala nthambi ndi miyala, ndinamuuza dalaivala wa Hilux aike 4L, ija ya matayala onse anayi yoyenda pang'onopang'ono mwamphamvu, giya yachiwiri, asaponde moto ngati akupha njoka. Inatuluka yokha osakokedwa nkomwe. Ndisanachoke ndinamuitana wa magalasi akuda uja kuti agwade ayang'ane kampira kake, pakhosi pake panali dzimbiri ndipo nati ya pansi inali yomasuka moti ndinaizunguza ndi zala. Sanayankhe kanthu, anangotulutsa ndalama nkupatsa amayi a makasu aja, ine nkutenga njinga yanga.