Tabuleti yafika kwa mwana, nanga mphunzitsi wake?

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Dedza, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, ndipo choko ndachigwira kwa zaka zambiri ndithu. Ndikulemba izi chifukwa cha zimene zinandichitikira teremu yapitayi, komanso chifukwa ndikuona kuti pa nkhani ya intaneti ndi zipangizo zamakono m'sukulu zathu timakamba kwambiri za mwana ndi tabuleti yake, koma za munthu amene amaima patsogolo pa mwanayo tsiku ndi tsiku sitizikamba mokwanira.

Usiku wina ndinali kukonzekera phunziro la Ulimi lokhudza nyengo ndi ntchito zakumunda. Buku la mphunzitsi linali kwa mnzanga amene timabwerekana naye, ndipo kunja kunali kutada kale moti sindikanatha kukamugogodera, choncho ndinatsegula gulu lina la WhatsApp la aphunzitsi limene muli anthu mazanamazana ochokera m'maboma osiyanasiyana. Ndinapezamo manotsi okonzedwa bwino kwambiri, okhala ndi zithunzi ndi mitu yooneka bwino, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti akutsata silabasi yathu. Ndinawakopera m'kope langa ndi mtima wosangalala, m'mawa mwake n'kuwalemba pabolodi. Ana ali mkati mokopera, mtsikana wina amene makolo ake amalima kachewere ndi chimanga anakweza mkono, naimirira mwaulemu n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mvula yogwa kawiri pa chaka imeneyi imagwa kuti? Kwathu timadzala kamodzi, ikayamba mu Novembala kapena mu Disembala."

Ndinatembenuka n'kuwerenganso zimene dzanja langa linalemba. Manotsiwo amanena za mvula yaitali ya mu Malichi mpaka Meyi ndi mvula yaifupi ya mu Okutobala mpaka Disembala, imene ndi nyengo ya kum'mawa kwa Africa monga ku Kenya, osati ya kuno kwathu kumene dzinja ndi limodzi. Munthu wina anangotenga manotsi a dziko lina, n'kusintha mutu wake, n'kuwaponya pagulu. Ndinafufuta bolodi lonse, ndinapepesa kwa ana, ndipo tinayambiranso phunzirolo pofunsa iwo eni kuti makolo awo amasosa liti, amagalauza liti, amabandira liti ndipo amakolola liti. Chimene chinandisowetsa tulo usiku umenewo ndi kuganiza kuti manotsi omwewo anakoperedwa ndi aphunzitsi ena ambiri, ndipo si m'kalasi iliyonse mmene munali mwana wolimba mtima kufunsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo manotsi ambiri oyenda m'mafoni athu ndi otero.

Musandimve molakwa, aphunzitsi anzanga, ine sindidana ndi zipangizo zamakono. Foni yomweyo imene inandisocheretsa inandithandizapo kuphunzitsa zimene choko sichikanatha kuonetsa. Pamene tinali kuphunzira za mbozi zowononga chimanga, zimene zinasautsa alimi m'dziko muno kuyambira 2017, ndinapeza kanema wamfupi woonetsa mazira a gulugufe pa tsamba la chimanga akuswa, timbozi tikutuluka n'kuyamba kulowa m'nsonga. Ana anga ndi ochuluka kwambiri, monga zilili m'sukulu zambiri chiyambire 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, choncho ndinawagawa m'magulu a anthu khumikhumi, ndipo gulu lililonse linabwera pamthunzi kudzazungulira kafoni kamodzi, mitu itagundana, ena akutchinga dzuwa ndi makope awo kuti chithunzi chioneke. Zinatenga nthawi yaitali kuposa imene inali pa ndandanda, koma Lolemba lotsatira ana atatu anabwera ndi masamba a chimanga okhala ndi mazira amene anawapeza okha kudimba, chinthu chimene sichinachitikepo m'zaka zonse zimene ndinkangojambula mbozi pabolodi.

Ndimayamikiranso ndi mtima wonse zimene zikuchitika m'makalasi aang'ono. Ntchito ya BEFIT, imene Unduna wa Maphunziro unaiyamba mu 2023 ndi sukulu 500, cholinga chake ndi kufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma za pulayimale, ndipo inakula kuchokera pa ntchito ya Unlocking Talent imene bungwe la VSO linkayendetsa ndi mapulogalamu ophunzirira okonzedwa ndi bungwe la onebillion. Ndinaona ndi maso anga mwana wa Sitandade 2, atavala zomvera m'makutu, akutsata chilembo ndi chala chake pamene mawu a Chichewa akumulangiza modekha, ndipo akalakwa, tabuleti ija imamubwezera pomwepo mosatopa, chinthu chimene mphunzitsi mmodzi wa ana ochuluka sangachitire mwana aliyense. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi chakuti matabuletiwo safuna netiweki, amatchajidwa ndi sola, ndipo zimene zili m'kati mwake zinakonzedwa ndi kuunikidwa zisanafike kwa mwana.

Apa ndiye pagona funso langa. Ngati tinazindikira kuti mwana sangapatsidwe chilichonse chotoledwa pa intaneti, koma zosankhidwa bwino, za m'chilankhulo chake, zosafuna bandulo, n'chifukwa chiyani mphunzitsi wake tamusiya kuti azidzisakira yekha m'tchire?

Taganizirani mmene mphunzitsi wakumudzi amapezera zinthu zimenezi. Foni ndi yake, yogula ndi malipiro ake. Bandulo ya intaneti imachokera m'thumba lomwelo limene muyenera kutuluka ndalama ya feteleza, ya sopo ndi ya fizi ya ana ake a kusekondale. Kumene kulibe magetsi amakatchajitsa foni pamsika, n'kulipiranso. Kuno kumalire kuli vuto lina limene anzathu a m'tauni saliganizira, lakuti ukangotsetsereka pang'ono foni imagwira netiweki ya ku Mozambique, ndipo kuti upeze ya kwathu umayenera kukwera pachulu kapena kupita kumsewu wa M1. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha Dedza chimalowa m'mafupa, ndaonapo mphunzitsi wamayi atafunda chitenje, ataima pachulu mbandakucha kudikira kuti mapepala akale a mayeso a Sitandade 8 amalize kulowa mu foni yake. Munthu wovutika chotere akapeza chinthu satha kunena kuti ndichitaye ndikasake china chabwino, amagwiritsa ntchito chimene chalowacho, kaya n'cholondola kaya ayi. Choncho vuto la manotsi olakwika silichokera pa ulesi wa aphunzitsi monga ena amanenera, koma pa mtengo wa kusankha, pakuti kupeta kumafuna kuti ukhale ndi zambiri m'lichero.

Chaka cha 2020 chinatiphunzitsa kanthu pa nkhaniyi. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, kunamveka zambiri za kuphunzira kudzera pa intaneti, koma m'midzi yathu chimene chinafika kwa ana ndi wailesi, monga momwe pulogalamu ya Tikwere inkafikira m'makalasi zaka zam'mbuyomo. Wailesi inafika chifukwa inali kale m'nyumba za anthu, inkalankhula Chichewa ndipo sinkafuna mayunitsi. Sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Seputembala chaka chomwecho, amene ananyamula ntchito yobwezeretsa ana amene anali ataiwala ngakhale kulemba dzina lawo anali mphunzitsi yemwe uja wa choko ndi bolodi.

Pempho langa kwa akuluakulu oyendetsa maphunziro si lalikulu, chifukwa nyumba yoyambirapo ilipo kale. Zoni iliyonse ya sukulu ili ndi TDC, malo othandizira aphunzitsi pa ntchito yawo, kumene a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, amakhala ndiponso kumene timakumana pa maphunziro owonjezera luso lathu. Bwanji pa TDC iliyonse patakhala kompyuta imodzi yoyendera sola, yosungamo masilabasi onse, mabuku a mphunzitsi ndi a ophunzira ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mapepala akale a mayeso a MANEB, ndi makanema ophunzitsira amene akatswiri awaona n'kuwavomereza? Mphunzitsi akabwera ku msonkhano wa zoni angathe kukopera zonsezo mu memore khadi yake popanda kuwononga tambala, n'kukagawira anzake kusukulu kudzera pa Bluetooth monga timagawirana nyimbo za kwaya. Chinthu chilichonse chovomerezeka chikhale ndi chizindikiro ndi chaka chake, kuti tizidziwa kusiyanitsa cha ku Domasi ndi chongotoledwa. Ndipo popeza bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni, intaneti ndi mawailesi, lili ndi thumba lothandizira kufikitsa mauthenga kumadera ovuta kufikako, ndikuona kuti si kupempha mopyola muyezo kunena kuti tsamba limodzi la boma losungirako zipangizo za aphunzitsi lizitseguka kwaulere pa netiweki iliyonse ya m'dziko muno.

Makoleji osula aphunzitsi, monga ya St Joseph's pa Bembeke pompano, nawonso ali ndi gawo lalikulu. Mphunzitsi wachinyamata safunika kuphunzitsidwa kutsegula foni, pakuti amaidziwa kuposa ife akale. Chimene akufunika kuphunzira ndi kufunsa mafunso asanakhulupirire chimene wapeza: walemba ndani, analembera ana a dziko liti, chinalembedwa liti, nanga chikugwirizana ndi mutu umene uli mu silabasi? Luso limeneli lafunika kwambiri tsopano pamene kwabwera mapulogalamu a AI, nzeru zopangidwa za pakompyuta, amene amakulembera sikimu kapena dongosolo la phunziro m'kanthawi kochepa. Ndinayesapo imodzi, ndipo inandipatsa phunziro looneka bwino limene linkafuna kuti mwana aliyense akhale ndi pepala lake losindikizidwa ndi lumo lake, pamene ine ndili ndi ana okhala pansi, ena atatu pa buku limodzi. Nditaipempha kuti ilembe m'Chichewa, ziganizo zina zinatuluka zoti palibe munthu wa kuno angazilankhule. Ingathandize kukupatsa poyambira, koma sidziwa kuti Lachisanu ana ambiri sabwera chifukwa cha msika, ndipo sidziwa mwana amene wabwera osadya kanthu.

Kwa ife aphunzitsi, pali zina zimene sitiyenera kudikira boma. Tisamatumize pagulu chinthu chimene ife eni sitinachiwerenge mpaka kumapeto. Tisamajambule mayankho olakwika a mwana n'kuwaika pa Facebook kuti anthu aseke, chifukwa mwana ameneyo ndi wa munthu, ndipo anatipatsa kope lake motikhulupirira. Za likasa sindifuna kuchulutsa mawu, tonse tikukumbukira mmene mayeso a MSCE a 2020 anaimitsidwira atabedwa, ana osalakwa n'kukalembanso chaka chotsatira.

Chimene chili pamtima panga kwambiri ndi chakuti tisangokhala olandira. Ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, ndipo tinkapanga mapu ndi dothi, zowerengera ndi zitsekerero za mabotolo, zilembo ndi makatoni. Foni yokhala ndi kamera ndi TALULAR ya masiku ano. M'boma lathu lino muli mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zojambula zakale pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, koma ana ambiri a kuno, ngakhale amaliona phirilo akamapita kumunda, sanaonepo chojambula ngakhale chimodzi. Nditasaka pa intaneti, pafupifupi zonse zimene ndinapeza zinali m'Chingerezi cholembera alendo odzaona malo, osati mwana wa Sitandade 5 amene wangoyamba kumene kulimbana ndi chilankhulocho. Ku Mua, kumunsi kwa mapiri, kuli Kungoni kumene kwasungidwa chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Ntcheu kuli mbiri ya Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Palibe munthu wa ku London kapena ku Nairobi amene adzabwere kudzatikonzera maphunziro a zinthu zimenezi m'Chichewa chomveka kwa ana athu, pamene mphunzitsi wokhala pafupi angathe kujambula zithunzi khumi ndi mawu a mphindi zisanu, atapempha chilolezo kwa eni malo ndi kwa akuluakulu.

Ife pa zoni yathu tayambapo pang'ono. Tinasonkherana n'kugula memore khadi imodzi, ndipo tinagwirizana kuti chinthu chisanalowemo, aphunzitsi awiri a phunziro limenelo azichiwerenga n'kuchifananitsa ndi silabasi. Mwa manotsi amene tinali nawo m'mafoni, ambiri sanapyole pa lichero limeneli, koma otsalawo timawagwiritsa ntchito mtima uli m'malo. Ine anandipatsa ntchito yokajambula zithunzi ku Chongoni pa tchuthi chikubwerachi ndi kulemba mawu ofotokozera m'Chichewa. Aphunzitsi anzanga a ku Ntcheu, makamaka a kufupi ndi Lizulu ndi Nkolimbo, ngati pali wina amene angathe kujambula mawu a akuluakulu akufotokoza za mwambo wa Umhlangano ndi magule a Angoni, chonde anditumizire uthenga, ndipo ine ndidzamutumizira za Chongoni zikakonzeka.