Nthanga za masau m'kachitini ka amayi

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi pa Nchalo kupita kwathu kufupi ndi Bangula kukaona amayi. Ndinawapeza pamkeka pansi pa msawu, kachitini kakale ka mkaka kali pamiyendo. Dzuwa lakwathu kuno mukulidziwa, ngakhale mbuzi zinali zitabisala kukhonde. M'kachitinimo muli nthanga zouma za masau. Amatola imodzi, kutchula dzina la munthu, kumupempherera, n'kuiika pansonga ya chitenje. Zikatha amazibwezeramo. Ndinaziwerenga, zilipo 46. Muli ana, zidzukulu, abusa, mayi wina amene mwamuna wake anamwalira chaka chatha, ngakhalenso mnyamata amene anawabera nkhuku.

Ndinafunsa kuti, "Amayi, anthu onsewa mumawasunga bwanji m'mutu?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Maso anakana, khasu linakana. Ndiye ukufuna ndizingokhala ngati chitsa? Ntchito yanga ndi imeneyi tsopano."

Amayi njala ya 1949 anaiona ali kamtsikana, ndiye zaka zawo werengerani nokha. Baibulo lawo amawawerengera ndi mdzukulu. Koma mawu aja akuti ntchito yanga andikhala pamtima sabata yonse, chifukwa ndikuona kuti ife a mumpingo tikulakwitsa. Munthu akachita imvi timamupatsa benchi yakutsogolo, kumutchula kuti kholo lathu, kenako n'kumulanda chochita chilichonse. Mapulogalamu onse ndi a achinyamata, kwaya, kiyibodi, misonkhano. Agogo timawakumbukira pa Khirisimasi ndi sopo ndi paketi ya shuga. Sopo ndi wabwino, sindikukana, koma munthu amafunanso kudziwa kuti akufunikabe.

M'Baibulo muli anthu amene Mulungu anawagwiritsa ntchito atakalamba. Mose anakaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 80. Kalebe, pa Yoswa 14, anali ndi zaka 85 pamene anapempha dziko lamapiri la Hebroni, komwe kunali adani amphamvu. Anna uja wa pa Luka 2 anali nkhalamba yamasiye yosachoka ku kachisi, ndipo ndi mmodzi mwa oyamba kuzindikira Yesu ali khanda, pomwe anthu amphamvu zawo ankangodutsa. Salimo 92 limanena za anthu obalabe zipatso atakalamba.

Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, madzi atalowa m'midzi, abale anga anakhala masabata angapo pa sukulu ina. Mlongo wanga amasimba kuti usiku ana akamalira ndi njala komanso udzudzu, achinyamata ali chete mafoni atazima, amayi ndi anzawo awiri ndi amene ankayambitsa nyimbo chapansipansi mpaka kalasi yonse kulandira. Iwo madzi anawaona mu 2015, anawaona kale tisanabadwe, ndiye akanena kuti awanso aphwa, anthu ankawakhulupirira. Ufa utachepa, ndi omwewonso anaonetsa atsikana kakonzedwe ka nyika za kudambo. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pa sukulu paja mwambiwu anthu anauona ndi maso.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti nkhalamba zomwezi ndi zimene timazitchula afiti. Mwana akadwala malungo, agogo. Mnyamata akalephera kupeza ntchito ku Blantyre, agogo. Ndipo tisanamizane, moto umenewu ena akuukoleza ndi anthu onyamula Baibulo, aneneri ouza achinyamata kuti amene wakumanga ali m'banja mwako momwemo, ndi wachikulire. Mnyamata amachoka ku mapemphero a usiku ali ndi dzina m'mutu. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Malamulowo alipo, koma kumudzi mawu a paguwa amamveka kuposa a ku Lilongwe. Abusa athu, nkhani imeneyi mumailalikira kangati pachaka?

Palinso ichi. Nkhalamba ikapezeka usiku ikuyenda yokha, osadziwa kwawo, kuyankhula zosamveka, anthu amati yagwa pa ndege ya ufiti. Kawirikawiri amenewo ndi matenda a kuiwala amene amabwera ndi ukalamba. Munthu wotero afunika kumufunditsa chitenje n'kumuperekeza kunyumba. Amayi anga nawonso masiku ena amanditchula dzina la malemu achimwene. Ndimaopa ndikaganiza kuti tsiku lina akhoza kusochera n'kukumana ndi gulu losawadziwa.

Ineyo ndili ndi zaka 57. Mawondo ayamba kudandaula, pa kabaza ndimakwera mochenjera, ndipo anyamata pamsika ayamba kundiitana kuti madala. Poyamba zinkandikwiyitsa. Ukalamba ndinkauona ngati kudikira maliro ako omwe, thonje likulimidwa ndi ena, iwe uli pakhonde kuwerenga odutsa. Nditakhala pamkeka paja ndinaona kuti amayi ali ndi zochita zambiri kuposa ine. Azimayi awiri anabwera kudzawafunsa nzeru za banja ine ndili pomwepo, anandithamangitsa kuti ndikaone mbuzi.

Potsanzikana ndinafunsa kuti nthanga yanga ndi iti. Anapapasa m'kachitini osayang'ana, n'kutulutsa ina yosalala, yothetheka mbali imodzi. "Iyi. Ndinayamba kuigwira muja unkamwa mowa." Kenako anandiuza kuti ndikamabweranso ndibwere ndi kachitini kanga, masau akadalipo ambiri pansi pa mtengo.