Galimoto ya magetsi ndagula, koma poichajira ndiye pandiliza

Inu amene munandilimbikitsa kuti ndigule galimoto ya magetsi, mukuti ndidzaiwala za mafuta, tabwerani kuno tikambirane. Simunaname ayi, za dizilo ndaiwaladi. Koma munandibisira kuti kuno ku England kugula galimotoyo ndi chinthu chophweka. Nkhondo ili pakhoma la nyumba pamene chaja iyenera kukhala, ndiponso pa munthu amene malamulo amamulola kuikhomera pamenepo.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo ku Birmingham. Tsiku lonse ndi pamsewu: agogo awa awasambitse m'mawa, awo uwapatse mankhwala masana, madzulo ubwererenso kukawagoneka. Kuyambira mu June 2021 mzindawu uli ndi Clean Air Zone, dera limene magalimoto otulutsa utsi wambiri amalipira akalowamo, ndipo galimoto yakale ya dizilo ngati imene ndinali nayo ikangolowa mkati mwa Middleway, msewu wozungulira pakati pa mzindawu, imalipira £8 patsiku. Boma nalo likuti magalimoto atsopano a petulo ndi dizilo asiye kugulitsidwa. Nduna yaikulu Boris Johnson anati 2030, nduna yaikulu Rishi Sunak mu 2023 anakankhira ku 2035, a chipani cha Labour atalowa m'boma anabwezanso ku 2030. Iwo akukokanakokana choncho, ife a galimoto zakale tikungolipira. Ndiye ndinatenga Nissan Leaf yogwirapo kale ntchito, ya batire la 40 kWh (kWh ndi yuniti ya magetsi).

Masamu ake ndi awa. Ukachajira pa machaja othamanga a m'misewu ndi m'masitolo, mtengo umapitirira 70p pa kWh m'malo ambiri. Ukachajira pakhomo pakati pa usiku, makampani ena amagulitsa magetsi omwewo pafupifupi 7p. Kuchulukitsa kakhumi! Pamwamba pa izo, magetsi a m'nyumba msonkho wake wa VAT ndi 5 peresenti, a pamsewu ndi 20 peresenti. Choncho phindu lonse la galimoto imeneyi lagona pa chaja ya pakhomo. Wopanda chajayo wangogula galimoto yosachita phokoso basi.

Galimoto imabwera ndi chingwe cholowetsa pa soketi wamba, ndipo anzathu ambiri ndi mmene akukhalira: extension kutulutsira pazenera la kukhitchini, kudutsa pamaluwa, mvula ikugwa. Chingwe chimenecho chimapereka pafupifupi 2.3 kW, kutanthauza kuti batire langa lidzaze kuchokera pansi pamafunika maola oposa 17. Ndani wa ife ali ndi maola 17 pakati pa shifiti ndi shifiti? Komanso soketi ya m'nyumba anaipangira ketulo yowira mphindi zitatu n'kuzima, osati katundu wokoka magetsi usiku wonse tsiku ndi tsiku. Imatentha, pulasitiki n'kuyamba kuda m'mbali.

Nditafunsa pa gulu lathu la WhatsApp, mayankho anagwa ngati mvula. Aliyense ali ndi "munthu wake". Wina akuti pali mnyamata amaika pa £200, ingogulani chaja pa Facebook. Wina akuti mlamu wake anamuikira Loweruka masana, akuotcha nyama, mpaka lero ikugwira. Wina anandiseka kuti ndazolowera zachizungu, waya ndi waya basi.

Chimene chinandiwawa ndi china. Pagululi pali achimwene ena, wamagetsi weniweni, wa trade test ya Grade 1, amene anakoka mawaya m'nyumba zosanja ku Lilongwe kwa zaka zambiri, nyumba zimene a ESCOM analumikiza popanda kubweza ntchito. Pano amanyamula makatoni ku warehouse usiku. Ndinawaimbira ndine, ndikuti achimwene, ndalama imeneyi bwanji mudye inu m'malo moti ndipatse mlendo. Anakana. Anati, "Mlongo wanga, ntchitoyo ndikhoza kuigwira nditatsinzina, koma pepala limene mukufunika nalo sindingakupatseni. Tsiku limene chinachake chidzapse, mudzalowa m'mavuto ndinu, ndipo ine ndidzataya visa." Muone zimenezo. Wodziwa ntchito ndi amene akukana, amene anangoonera pa YouTube ndi amene akuthamangira ndi sikuludiraiva.

Ndipo apa ndiye pamene dziko lino limandikwiyitsa. Kumudzi timagwiritsa pulagi yomweyi ya mano atatu, magetsi ake ndi 230V omwewa, kaphunzitsidwe ka amisiri athu kanachokera konkuno. Koma munthu akafika, zaka zake zonse zija zimasanduka zopanda pake. Ayambirenso: alembe mayeso a 18th Edition ya BS 7671, buku la malamulo a kakokedwe ka mawaya, alembe a kuyeza ndi kuyendera mawaya, achite kosi ya machaja a galimoto, agule inshulansi ndi zida zoyezera zodula, kenako alipire kuti alembetsedwe ku bungwe ngati NICEIC kapena NAPIT, amene amabwera kudzaona ntchito yake ndi maso. Munthu wa malipiro a ku warehouse, amene akutumizanso fizi ya ana kumudzi, ndalama zimenezo azitenga kuti? Nanga visa yake imamulola kutsegula bizinesi yakeyake? Ndiye luso likuola m'makatoni, uku dziko lomweli likulira kuti amisiri a magetsi akuchepa.

Komabe pa nkhani ya chajayi achimwenewo ananena zoona, ndipo a "waya ndi waya" mundimvetsere. Chaja ya pakhomo ya 7 kW imakoka ma amp 32 mosalekeza kwa maola ambiri. Palibe china m'nyumba mwanu chimene chimagwira choncho, ngakhale shawa kapena chitofu. Imafuna waya wakewake wonenepa kuchokera ku bokosi la mafyuzi, ndi chotetezera choyenera cha RCD, chija chimadula magetsi akayamba kutayikira, chifukwa galimoto ikhoza kutayira m'waya magetsi a DC, a mtundu wa m'batire, amene amachititsa RCD wamba kulephera kudula pamene iyenera kudula. Koma choopsa kwambiri ndi earth, waya wotayira magetsi m'nthaka. Nyumba zambiri kuno zili pa dongosolo limene amalitcha PME, pamene neutral ndi earth zimabwera pa waya mmodzi kuchokera kumsewu. Waya ameneyo akaduka kwinakwake pansi pa msewu, chilichonse chachitsulo cholumikizidwa ku earth ya nyumba chimatha kukhala ndi magetsi. M'nyumba ngoziyo imachepa. Panja, galimoto yonse ndi chitsulo, mwana waimirira pa udzu wonyowa, wagwira chitseko. N'chifukwa chake chaja iyenera kukhala ndi kachipangizo kodula kakaona vuto limeneli, apo ayi wamagetsi akhomere ndodo ya earth m'nthaka n'kuiyeza. Wa £200 uja zimenezi waziyeza ndi chiyani? Chaja ikayaka getsi lobiriwira sindiye kuti ili bwino.

Malamulonso alipo. Kuyambira 2005, gawo la malamulo omangira nyumba lotchedwa Part P limati kuika mzere watsopano wa magetsi m'nyumba kuyenera kudziwitsidwa ku khonsolo. Wamagetsi wolembetsedwa amadziwitsa yekha kudzera ku bungwe lake, n'kukupatsani satifiketi ya ntchito ndi ina yotsimikiza kuti malamulo atsatidwa. Popanda zimenezo, moto ukabuka, a inshulansi funso lawo loyamba ndi lomwelo: anaika ndani? Ndipo kwa ife a lendi nyumba si yathu.

Nkhani ya lendi ndiye inayamba kundidya mutu ndisanaone ndi wamagetsi yemwe. Boma linali ndi thandizo lofika £350 kwa oika chaja pakhomo. Mu 2022 eni nyumba wamba anawachotsapo, n'kusiya a lendi ndi okhala m'mafulati. Zikumveka ngati atiganizira, eti? Werengani bwino. Uyenera kukhala ndi malo akoako oimikapo galimoto kunja kwa msewu, chilolezo cha landilodi, komanso woika akhale wovomerezeka ndi ofesi ya boma ya OZEV. Alandilodi anga amakhala kutali, amalankhula kudzera kwa ejenti, ndipo ejentiyo amayankha imelo akafuna. Yankho litabwera linali lakuti avomera, bola ndilipire ndekha, ndiwatumizire masatifiketi onse, ndipo ndikadzasamuka chaja idzatsale. Ndikafuna kuichotsa, ndidzalipire wamagetsi wochotsa ndi womata khoma. Mwachidule, ndikuwakongoletsera nyumba ndi ndalama zanga za ovataimu.

Kenako kunabwera kufunsa mitengo. Pa intaneti onse amalemba mtengo wokoma, ndi timawu ting'onoting'ono pansi takuti "standard installation". Samabwera kudzaona ayi, amakutuma iweyo. Jambulani mita. Jambulani bokosi la mafyuzi mutatsegula chivindikiro. Jambulani fyuzi yaikulu, nambala ioneke. Jambulani paipi ya madzi pansi pa sinki ndi ya gasi, tione ngati pali waya wobiriwira ndi wachikasu. Yendani ndi foni kuchokera pa mita mpaka pamene galimoto imaima. Ine nditagwada pansi pa masitepe ndi tochi, ndangoweruka kumene, kugwira ntchito ya kampani imene ndidzailipire ndine. Zithunzi zitapita, mtengo uja wa pafupifupi £1,000 unayamba kubala ana. Chingwe chapitirira mamita amene amawerengera, onjezani. Bokosi la mafyuzi ndi lakale lilibe malo, pafunika kabokosi kena pambali, onjezani. Paipi ya madzi sinamangidwe ku earth, onjezani. Ka £350 ka boma kaja kanamezedwa ndisanakaone.

Wamagetsi amene ndinamusankha, nditayang'ana kaye nambala yake pa tsamba la bungwe limene analembetsako, anabwera yekha kudzaona. Anali bambo wachikulire wosachedwa ndi nkhani. Anangotsegula kabati ya mita n'kupukusa mutu. Choyamba, fyuzi yaikulu ndi ya ma amp 60. Shawa yanga ya magetsi payokha imakoka pafupifupi 40, muonjezere 32 ya galimoto, simunayatse ndi uvuni womwe. Chachiwiri, nyumbayi ndi ya aneba zimagawana chingwe chimodzi chochokera kumsewu, chimalowa kwanga n'kupitirira kwawo. Amati looped supply, ndipo nyumba zambiri zakale zogundizana anazimanga choncho pofuna kusunga ndalama, nthawi imene katundu wamkulu m'nyumba anali wailesi ndi ayironi.

Fyuzi imeneyo ndi chingwecho si za wamagetsi, si za kampani imene imakutumizira bilu, si za landilodi. Ndi za kampani ina imene ili ndi mawaya a m'dera, DNO, imene ambirife sitinaimvepo mpaka tsiku lotere. Wamagetsi saloledwa kusintha fyuziyo yekha, ndipo pa nyumba ya chingwe chogawana amayenera kupempha kaye asanaike chaja. Ndiye tinadikira. Ukaimba foni akuti fomu yafika. Ukaimbanso akuti woyendera adzabwera. Atabwera anati pafunika kukumba kuti nyumba iliyonse ikhale ndi chingwe chake, ndipo kukumbako kudutsa pakhomo pa aneba, mayi wokalamba amene amakonda maluwa ake kuposa anthu. Ndinapita ndi ulemu wonse wakwathu, kugogoda, kufotokoza, kupepesa pa mlandu umene sindinapalamule. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti afunse kaye mwana wawo wa ku Coventry. Nyengo yonseyo ine ndikuchajira pa sitolo, ndikulipira mtengo wa pamsewu, ndikudya masangweji m'galimoto kudikira batire.

Tsiku loika lenilenilo silinatenge ndi tsiku lathunthu lomwe, ndipo ndinaona pamene ndalama imapita. Theka la nthawi bamboyo sankakhoma kanthu, ankayeza. Analumikiza kachipangizo kake kamene kamanamizira kukhala galimoto, n'kumayambitsa mavuto dala kuti aone ngati chaja idula, n'kumalemba manambala. Anamangirira kachibangili pa waya wamkulu kuti nyumba ikamakoka magetsi ambiri chaja izichepetsa yokha. Pomaliza kunatsala kulimbana ndi Wi-Fi, chifukwa kuyambira mu June 2022 machaja onse a pakhomo ogulitsidwa kuno ayenera kukhala a smart, olumikizika ku intaneti, ndipo amabwera atatcheredwa kale kuti asamachaje nthawi imene dziko lonse likuphika. Ukailowetsa ukuchokera ku ntchito n'kuona siikuyamba, usati yafa, ikudikira usiku. Ndipo kuti upeze mtengo wotsika wa usiku uja pafunikanso mita ya smart, imenenso ndi foni ina ndi kudikira kwina.

Ine bola, nyumba ya lendiyi ili ndi kamalo koimikapo galimoto kutsogolo. Nanga anzanga a ku Handsworth, Sparkhill ndi Smethwick, okhala m'nyumba za mdadada zimene khomo limatsegukira pamsewu penipeni? Nanga amene akugawana nyumba anthu asanu, aliyense chipinda chake? Chingwe sungangochiyala podutsa anthu, wina akapunthwa mlandu ndi wako. Amenewo, amene amayenda mitunda yaitali kwambiri pa malipiro otsika kwambiri, ndi amene azilipira magetsi odula ndi msonkho wa 20 peresenti, pamene bwana wa nyumba yake ndi garaja yake akuchajira pa 7p ali mtulo. Komanso kuyambira mu April 2025 magalimoto a magetsi anayamba kulipira msonkho wa pamsewu, ndipo boma lalengeza kuti kuyambira 2028 tizilipiranso 3p pa mailo iliyonse. Anatikopa ndi zaulere, talowa, atseka chitseko.

Masatifiketi ndinawatumiza kwa ejenti monga anafunira, ndipo ulendo uno anayankha tsiku lomwelo, kuthokoza kwambiri. Mwezi wathawu kwabwera kalata yakuti lendi ikwera. Pa zifukwa zimene alemba, pali chakuti nyumba za m'dera lino zokhala ndi chaja ya galimoto zikupita pa mtengo wokwererapo.